ALICK NKHATA NDI NKHOKWE YA NYIMBO

Mu mzinda wa Lusaka muli mseu waukulu wochedwa Alick Nkhata Road. Mseu umenewu upita pafupi ndi Kalingalinga, ndipo m'mbali mwace muli nyumba zazikulu za wailesi ya dziko lathu. Anthu ambiri amayenda pa mseuwo tsiku ndi tsiku, ena pa basi, ena pa njinga, ena pansi, koma si onse amene adziwa mwini dzinalo. Iye sanali mfumu, sanalinso munthu wacuma cambiri. Anali woimba ndiponso woulutsa mau pa wailesi. Tiyeni timve za moyo wace, kuti tidziwe cifukwa cace dziko linampatsa ulemu wotere.

Tisanayambe, taganizani za cinthu ici. Mmisiri akasema mtondo, mtondowo ukhala zaka zambiri, ndipo ngakhale adzukulu ace adzasinjiramo. Mai akaumba mbiya, anthu adzamwa madzi a m'mbiyamo iye atapita kale. Koma munthu akaimba nyimbo, mau ace amveka kanthawi kocepa, kenaka atha. Simungathe kuwagwira ndi manja kapena kuwaika m'thumba. Kale nyimbo inalibe kwina kokhala koma m'mitima ya anthu, ndipo nkhalamba ikamwalira isanaphunzitse ana, nyimbo zace zinali kulowa nayo m'manda. Nchito yaikulu ya Alick Nkhata inali kupulumutsa nyimbo zotere kuti zisatayike.

Ubwana Wace ndi Nkhondo

Alick Nkhata anabadwa m'caka ca 1922 ku Kasama, kumpoto kwa dziko lino, pamene dzikoli linali kuchedwa Northern Rhodesia. Atate ace anali Atonga, ndipo amai ace anali Awemba. Anapita ku sukulu monga inu, nacita khama kufikira anaphunzira nchito ya uphunzitsi. Masiku amenewo ana a kuno amene anafika patali cotere m'maphunziro anali owerengeka.

M'caka ca 1939 ku Ulaya kunabuka nkhondo yaikulu, imene inafalikira pa dziko lonse lapansi. Anyamata ambiri a kuno analembedwa usilikari, natumizidwa ku maiko amene makolo ao sanawamvepo ndi dzina lomwe. Alick nayenso analowa usilikari, ndipo anafika ku Burma, dziko la kum'mawa kupitirira India, limene lero lichedwa Myanmar. Kumeneko Angelezi anali kumenyana ndi Ajapani m'nkhalango zowirira, m'mvula yosaleka ndi m'matope. Asilikari athu anasauka ndi malungo ndi kutopa, koma koposa zonse anali kulakalaka kwao. Munthu amene anakhala kutali cotere adziwa bwino mtengo wace wa nyimbo ya kumudzi.

Nthawi yomweyo ku Lusaka kunacitika cinthu cimene pambuyo pace cinasintha moyo wa Alick. M'caka ca 1941 Boma linatsegula kanyumba ka wailesi, kuti anthu azimva za nkhondo ndi za ana ao amene anali ku usilikari. Koma omvera anali ocepa, pakuti mawailesi anali a mtengo wapatali. Anthu anali kusonkhana pa boma, pa misyoni, kapena m'nyumba zocezeramo za ku migodi, kumene kunali wailesi imodzi ya anthu onse.

Aphunzira Kugwira Mau

Nkhondo inatha m'caka ca 1945. Atabvula zausilikari, Alick anapita kukagwira nchito ndi Mzungu wina dzina lace Hugh Tracey. Munthu ameneyu anabadwira ku England m'caka ca 1903, nabwera ku Southern Rhodesia ali mnyamata kudzalima fodya. M'munda anali kumva anchito akuimba, ndipo anaphunzira cinenero cao ndi nyimbo zao. Azungu anzace ambiri anali kuyesa nyimbo za Ciafrika phokoso cabe, koma iye anaona kuti ziri ndi nzeru ndi malamulo ace, ndi kuti zambiri zidzaiwalika anthu akamacoka m'midzi kupita ku matauni. Cotero anapereka moyo wace ku nchito yoyenda m'maiko ambiri ndi makina ojambulira mau.

Kodi makina angagwire bwanji mau? Munthu akalankhula kapena kuimba, mpweya umanjenjemera, monga madzi a pa dziwe amacitira mukaponyapo mwala. Kacitsulo kochedwa maikolofoni kamalandira kunjenjemerako, nikasandutsa mphamvu ya magetsi. Pa makina akale mphamvuyo inali kugwedeza singano yakuthwa, ndipo singanoyo inali kulemba kamzere kozungulira pa mbale yosalala. Mukaika singano yina m'kamzere komweko, mbale irikuzungulira, mau aja amabwerera monga anatulukira pakamwa pa woimba. Mbale za galamafoni za masiku amenewo zinali kuzungulira nthawi 78 pa mphindi imodzi, ndipo mbali imodzi inali kutenga nyimbo ya mphindi ngati zitatu zokha. Pambuyo pace kunabwera tepi, ndiyo kalamba kopyapyala kopakidwa pfumbi la citsulo, kamene kanali kutenga mau a nthawi yaitali.

Koma makina paokha sakwanira. Tracey anali kugwira maikolofoni m'manja, namayendayenda nayo pakati pa oimba, kuti ng'oma isamize kalimba, ndi kuti mau a wotsogolera nyimbo amveke pamodzi ndi a obvomera. Atatha kujambula anali kulemba dzina la woimba, mudzi wace, cinenero cace, dzina la coimbira, ndi tanthauzo la nyimboyo. Cinanso, anali kuliza makina pomwepo kuti oimbawo adzimvere okha. Nchito yotere ifuna kuleza mtima ndi ulemu kwa eni nyimbo, ndipo ndiyo nchito imene Alick anaphunzira. Pobwerera kwao anali ndi zinthu ziwiri zimene kawirikawiri sizipezeka mwa munthu mmodzi: luso la kuimba, ndi nzeru ya kusunga nyimbo za anthu ena.

Wailesi ya Poto

Alick analowa nchito ku nyumba ya wailesi ya ku Lusaka, imene tsopano inali itakula nichedwa Central African Broadcasting Station. Mau ace anali kufika ku Northern Rhodesia, ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia, ndiwo maiko amene lero tiwachula Zambia, Malawi ndi Zimbabwe. Inali kulankhula m'Cinyanja, m'Ciwemba, m'Citonga, m'Cilozi, m'Cishona, m'Cindebele ndi m'Cingelezi.

Bvuto lalikulu linali lakuti anthu wamba analibe mawailesi, ndipo m'midzi munalibe magetsi. Mkulu wa zofalitsa nkhani m'Boma, Harry Franklin, anafunafuna kwa zaka zingapo kampani imene ingapange wailesi yochipa ndi yolimba. Potsiriza kampani ya Ever Ready ya ku England inabvomera, ndipo m'caka ca 1949 mawailesiwo anayamba kugulitsidwa. Thupi la wailesiyo linali lozungulira ngati poto wopanda cogwirira, lopakidwa utoto wa buluu, ndipo cifukwa ca ici inachedwa Saucepan Special, ndiko kunena wailesi ya poto. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo batire lace lalikulu linali masheleni 25. Batire limodzi linali kugwira nchito maora ngati 300. Ndalama zimenezi sizinali zocepa kwa munthu wolembedwa nchito masiku amenewo, komabe aphunzitsi, akalaliki, anchito a ku migodi ndi alimi ena anakhoza kusunga pang'ono pang'ono kufikira anagula.

Nyumba imene inali ndi wailesi ya poto sinali kusowa alendo. Madzulo anansi anali kubwera ndi mipando ndi mphasa zao kudzamvera. Imodzi ya nthawi zimene anthu anazikonda koposa inali kuchedwa Zimene Mwatifunsa. Omvera anali kulemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale ao akutali. Mnyamata wa ku mgodi wa Nkana anali kukhoza kulonjera amai ace ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ndipo mudzi wonse unali kumva kuti mwana wao ali moyo.

Kututa ndi Kufesa

Tsono wailesi iri ngati mwana wa njala: ifuna cakudya tsiku liri lonse. Kodi nyimbo zonsezo zikacokera kuti? Kukanakhala kwapafupi kungoliza mbale za ku America ndi za ku Johannesburg. Koma mkulu wa nyumbayo, Michael Kittermaster, pamodzi ndi Alick ndi anzao, anafuna kuti anthu azimva nyimbo zao zomwe. Cotero anali kupakira makina m'galimoto, napita m'midzi ndi m'makomboni kukajambula oimba.

Maulendo otere sanali opepuka. Miseu inali ya pfumbi m'cilimwe ndi ya matope m'dzinja, ndipo makina anali olemera ndi osacedwa kuonongeka. Pofika pa mudzi, mlendo sangangoyamba kujambula ai. Ayenera kuyamba waonekera kwa mfumu, nafotokoza cimene wadzera, nayembekeza kuti anthu abwere ku minda. Apa mpamene munthu wonga Alick anali wofunika, pakuti anali kudziwa zinenero ndi miyambo, ndiponso iye mwini pokhala woimba anali kuzindikira msanga nyimbo yokoma. Mwa njira iyi nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inasonkhanitsa nyimbo zambirimbiri za mitundu ya kuno: za pa mtondo, za ku munda, za alenje, za pa ukwati ndi za pa maliro. Inasanduka nkhokwe ya nyimbo.

Mlimi wanzeru sadya cimanga conse ca m'nkhokwe, ndiponso sangocitsekera kuti cidyedwe ndi anankafumbwe. Amapatulako mbeu, nafesanso mvula ikagwa. Alick anacita cimodzimodzi. Nyimbo zimene zinatengedwa m'midzi zinali kubwezedwa kwa anthu pa wailesi, kotero kuti Mlozi anamva kuimba kwa Ansenga, ndipo Mcewa anamva ng'oma za Awemba. Machona amene anakhala zaka zambiri osaona kwao anamvanso nyimbo za ubwana wao.

Kuonjezera apo, Alick anali kutenga nyimbo zina zakale naziimba mwatsopano ndi gitala, pamodzi ndi anzace, m'kagulu kochedwa Alick Nkhata's Quartet. Mau ace anali ofewa ndi omveka bwino. Anapekanso nyimbo zace za moyo wa m'tauni, za cikondi, za mowa, ndi za makhalidwe a amuna ndi akazi amene anasiya midzi. Zina zinali zoseketsa, koma mkati mwace munali cilangizo, monga mmene ziliri nyimbo za pa mtondo. Sanaimbe m'cinenero cimodzi cokha, ndipo cifukwa ca ici anthu a mitundu yosiyana anamuyesa wao. Kaguluko kanakula nikachedwa Lusaka Radio Band, ndipo pambuyo pace Big Gold Six.

Masiku Obvuta

Musaganize kuti nchito ya pa wailesi inali ya cisangalalo cokhacokha. M'caka ca 1953 Angelezi anagwirizanitsa maiko atatu aja m'Citaganya, ngakhale kuti Aafrika ambiri anakana, poopa kuti ulamuliro wonse udzakhala m'manja mwa Azungu a ku Southern Rhodesia. Wailesi inali ya Boma, ndipo oulutsa mau anayenera kuwerenga nkhani zimene Boma linawapatsa. Anthu ena anayamba kuwakayikira. Nthawi yomweyo kunamveka mphekesera yakuti kuli anthu ochedwa banyama, ogwira anzao usiku ndi kuwacotsa magazi, ndipo ena ananena kuti anchito a ku wailesi ali m'gulu limenelo. Linali bodza, koma bodza la pa nthawi ya mantha limathamanga, ndipo anthu amene dzulo anali kukondedwa anayamba kuyenda moceuka.

Alick ndi anzace anapirira, osaleka nchito yao. Anthu anali kukayika nkhani za Boma, koma nyimbo zao sanazikane. Pamene nkhondo ya ufulu inakula, m'zaka zoyamba za m'ma 1960, Alick anaimba nyimbo zothandiza cipani ca UNIP, cimene mtsogoleri wace anali Kenneth Kaunda. Citaganya cinatha pa mapeto a caka ca 1963, ndipo pa 24 Okutobala 1964 dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira.

M'dziko latsopanoli Alick anakhala mmodzi wa akulu oyendetsa wailesi, ndipo anatsogoleranso nthambi ya Boma yoyang'anira miyambo ndi maluso a anthu. Ana a mitundu yoposa 70 anafunika kuphunzira kuti ali anthu a dziko limodzi, ndipo nyimbo za pa wailesi zinathandiza kwambiri pa nchito imeneyi.

Imfa Yace

M'caka ca 1974 Alick anapuma pa nchito ya Boma, napita kukalima ku Mkushi. Koma akulu anati cakudza siciimba ng'oma. Masiku amenewo ku Rhodesia kunali nkhondo pakati pa boma la Ian Smith ndi Aafrika omenyera ufulu, ndipo anthu a Joshua Nkomo anali ndi misasa yao m'Zambia. M'mwezi wa Okutobala 1978 ndeke ndi asilikari a ku Rhodesia analowa m'dziko lino, naphulitsa msasa wa ku Chikumbi pafupi ndi Lusaka, ndi wina wa ku Mkushi. Anthu ambiri anafa. Munda wa Alick unali pafupi ndi msasa wa ku Mkushi, ndipo iyenso anaphedwa pa ciwembu cimeneco, ali ndi zaka 56. Munthu amene anapulumuka nkhondo ya ku Burma anafera m'dziko la kwao, zaka ziwiri zisanakwane kuti Zimbabwe alandire ufulu m'caka ca 1980. Hugh Tracey, amene anamphunzitsa kujambula mau, anali atamwalira caka cimodzi m'mbuyo mwace, mu 1977.

Zimene Zinatsala

Kodi mau a Alick Nkhata analowa naye m'manda? Iai, pakuti iye amene anasunga nyimbo za ena, zacenso zinapeza ozisunga. M'caka ca 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa nyimbo zace za m'ma 1950, nizitulutsanso pamodzi ndi dzina lakuti Shalapo. Motero anthu amene anabadwa iye atamwalira akhoza kumva mau ace. Nyimbo zimene Tracey anajambula zisungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene iye anayambitsa m'caka ca 1954, ndipo tsopano iri pa Rhodes University ku Makhanda, m'dziko la South Africa. Kumeneko nyimbozo zinakoperedwa m'makompyuta kuti zisaonongeke.

Koma tisadzinyenge kuti zonse zinapulumuka. Mbale ya galamafoni ikagwa pansi imasweka, ndipo ikalizidwa kawirikawiri imatha. Tepi imaopa dzuwa ndi cinyontho. Ndiponso, popeza matepi anali okwera mtengo, nyumba za wailesi m'maiko ambiri zinali kufafaniza mau akale kuti zijambulepo atsopano. Mwa njira iyi nyimbo, nthano, masewero ndi zolankhula zambiri zinatayika, ndipo palibe munthu angazibweze.

Pali nkhokwe yina imene anthu amaiiwala, ndiyo ya m'nyumba zathu. M'caka ca 1963 kampani ya Philips inatulutsa kaseti, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mabanja ambiri anagula mawailesi a kaseti. Munthu akamva nyimbo kapena nthano yomkondweretsa, anali kutsindika batani naijambula. Sanaganize kuti alikucita cinthu cacikulu. Koma lero nthawi zina kaseti yotere, yoiwalika m'sutukesi pansi pa bedi, ndiyo yokha imene yasunga mau amene ngakhale eni wailesi alibe.

Cotero, ana inu, mukapeza kaseti kapena mbale yakale kwanu, musaiyese cinyalala, ndipo musasolole tepi yace kuti museweretse. Iikeni pa malo ouma ndi a mthunzi, kutali ndi moto. Funsani agogo kapena atate anu kuti muli mau a yani, ndi kuti anajambula liti ndipo ali kuti, nimulembe zimenezo pa pepala, monga anali kucitira Tracey ndi Nkhata. Pakuti mau opanda dzina ali ngati mwana wosokera. Pemphani munthu wodziwa makina kuti awakopere m'kompyuta kapena m'foni, ndipo mugawireko abale anu, cifukwa cinthu cosungidwa pa malo amodzi cimatha ndi moto umodzi. Ngati mauwo ali a mbiri ya dziko, auzeni aphunzitsi anu. Ku Lusaka kuli nyumba ya National Archives of Zambia, imene nchito yace ndi kusunga zakale za mtundu wathu.

Mau a akulu akoma akagonera. Alick Nkhata anadziwa zimenezi pamene anali kuyenda m'miseu ya pfumbi kufunafuna nkhalamba zodziwa kuimba. Nchito imene iye anaiyamba sinathe, ndipo ngakhale mwana wa sukulu akhoza kuthandizapo.

Mafunso

1. Kodi Alick Nkhata anabadwira kuti, ndipo m'caka canji?
2. Fotokozani mmene mau analembedwera pa mbale ya galamafoni.
3. Cifukwa ninji wailesi ya mu 1949 inachedwa wailesi ya poto? Inathandiza bwanji anthu a m'midzi?
4. Kodi nchito ya Nkhata ifanana bwanji ndi ya mlimi wosunga mbeu?
5. Chulani zinthu zitatu zimene zimaononga mbale ndi matepi.

Zocita

Pemphani munthu wacikulire wa kwanu kuti akuimbireni nyimbo imene anaphunzira ali mwana. Lembani mau ace, dzina la woimbayo, mudzi wace, ndi nthawi imene nyimboyo inali kuimbidwa. Bwerani nayo ku sukulu kuti muphunzitse anzanu.